Momwe mungawerengere magetsi amene denga lanu lingakupatseni muno mu Harare

Musanapereke ndalama kwa munthu woika sola, dziwani kaye mphamvu ya denga lanu. Ine ndinachita zimenezi kwathu ku Mufakose titatopa ndi kuthimathima kwa magetsi a ZESA, kampani ya boma ya magetsi. Zimangofuna tepi, foni ndi cholembera.

Yambani ndi kupeza kumpoto, kampasi ya pafoni ndi yokwanira. Harare ili pa madigiri pafupifupi 18 kumwera kwa equator, choncho miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto. Mbali ya denga yoyang'ana kumeneko ndiyo ya phindu. Yezani mulitali ndi mulifupi mwake, kapena muyeze pa Google Earth ngati mulibe makwerero. Nyumba zambiri zakale za ku Mbare, Highfield ndi kwathu kuno zinafoleredwa ndi asibesitosi. Musapondepo chisawawa, amasweka, ndipo fumbi lake mukamaboola limawononga mapapo.

Kwathu ndinapeza mamita 8 ndi mamita 4, kuchulukitsa kunapereka masikweya mita 32. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo atatu la m'mphepete ndi poponda potsuka. Panelo ya 550W imadya malo pafupifupi masikweya mita 2.6, ndiye ine ndinakwanitsa mapanelo 7 popanda kupanikiza.

Tsopano mvetsetsani nkhani ya mthunzi, chifukwa apa ndi pamene ndinalira. Ndinayang'ana denga langa mu Novembala, dzuwa lili paliwombo, denga lonse mbee. Itafika Juni, dzuwa linatsika kumpoto. Mwezi umenewu ngakhale masana enieni silifika madigiri 50 kuchokera pansi, ndipo mithunzi imatalika. Mtengo wa mapeyala wa aneba unayamba kuphimba mapanelo awiri akumapeto kuyambira cha m'ma 2 koloko. Mapanelo olumikizidwa mzere umodzi amakokana: imodzi ikalowa mumthunzi, anzake onse amafooka. Usiku wozizira batire inkatha ana asanamalize kuwerenga. Ndinalipira kawiri kuti awasunthe. Choncho kwerani m'mawa, masana ndi madzulo, muone mitengo, thanki ya madzi ndi nyumba zosanja zimene zili kumpoto kwanu. Ngati ndi chilimwe, funsani amayi pakhomopo kumene mthunzi umafika nthawi yozizira. Iwo amayanika zovala chaka chonse, amadziwa.

Masamu ake ndi awa. Mapanelo 7 a 550W ndi 3.85 kW. Harare imalandira dzuwa lofanana ndi maola pafupifupi 5 ndi theka a dzuwa lamphamvu patsiku, mukhoza kuona malo anu enieni pa Global Solar Atlas mwaulere. Kuchulukitsa 3.85 ndi maola amenewa kumapereka mayunitsi 21. Chotsanipo kota yotayika m'mawaya, mu inverter (chipangizo chosintha magetsi a sola kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba), ndi chifukwa cha kutentha komanso fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala. Atsala mayunitsi pafupifupi 16 patsiku. Chulukitsani ndi masiku 30, muyerekeze ndi mayunitsi amene mita yanu imadya pamwezi.

Pogula, nyamulani tepi ija. M'mashopu ena m'tauni amamata chikalata cha 550W pa kapanelo kakang'ono, koma kukula kwake kumawaulula. Mapanelo atsika mtengo masiku ano, batire ndiyo imadya madola, ndiye wina akakutchulirani mtengo wotsika modabwitsa mufunseni za waranti yolembedwa.

Mukafuna kudziwa za msewu wonse, werengani madenga ofanana ndi lanu pa Google Earth n'kuchulukitsa. Zobweza magetsi otsala ku ZESA kudzera mu net metering kafunseni ku ofesi ya ZETDC, nthambi ya ZESA yogawa magetsi.