Kapangidwe ka makadi a bingo ogulitsa

Mwafunsa ngati makadi a bingo angakhale kageni kapambali. Angathe ndithu, bola muwapange molondola. Bingo ndi masewera omwe munthu mmodzi, woitana, amatchula manambala, osewera n'kumaphimba manambalawo pamakadi awo.

Yambani ndi kujambula timabokosi 25, mizere 5 chotsika ndi 5 chopingasa, ndipo pamwamba mulembe B, I, N, G, O. Pansi pa B pamalowa manambala a pakati pa 1 ndi 15, pa I 16 mpaka 30, pa N 31 mpaka 45, pa G 46 mpaka 60, pa O 61 mpaka 75. Kabokosi ka pakatikati kamakhala kopanda nambala, ndiye khadi lililonse limakhala ndi manambala 24.

Apa mudekhe. Makadi awiri asafanane, komanso nambala isabwerezedwe pakhadi limodzi. RANDBETWEEN, fomula ya mu pulogalamu ya pakompyuta ya Excel, imathandiza kusakaniza manambala, koma imatha kutulutsa nambala imodzi kawiri mumzere womwewo. Muyang'ane khadi lililonse ndi maso anu musanasindikize, chifukwa wogula akapeza cholakwika pakati pa masewera sabweranso.

Kenako sindikizani makadi 4 papepala lolimba la A4, mudule, muwamate pulasitiki kuti asang'ambike. M'paketi muikemonso timapepala ta manambala 1 mpaka 75 toti woitana azitola, ndi kathumba ka nyemba zophimbira nambala yomwe yaitanidwa.

Poika mtengo werengerani pepala, inki, pulasitiki ndi nthawi yanu. Ine ndingayambire kwa aphunzitsi a pulayimale, popeza masewerawa amaphunzitsa ana kuzindikira manambala, kenako kwa okonza maphwando. Wogula akafuna kuti anthu azibetcha ndalama, imeneyo ndi juga, ndipo imafuna chilolezo cha boma.