Momwe mungasankhire doko ngati mukufuna kukaona mabwinja a Amaya paulendo wa sitima ya pamadzi

Amaya ndi mtundu wa anthu omwe kalekale anamanga mizinda ndi mapiramidi a miyala ku Mexico, Belize, Guatemala ndi Honduras. Pofuna kukaona mabwinja awo, ambiri timayamba ndi kusankha sitima. Tikaona chithunzi cha chisitima chokhala ndi dziwe losambiramo pamwamba, tikiti tagula kale, kenako m'pamene tiyamba kufunsa kuti piramidi ija tikaiona bwanji. Muyambe ndi bwinja lomwe mukufuna, doko libwere pambuyo, sitima ikhale yomaliza. Ine ndi mayi akunyumba tayenda maulendo awiri otere, wina kunyamukira ku Miami, wina ku Galveston, madoko a ku America, ndipo tatsikapo pa madoko anayi. Za viza ndi kagulidwe ka tikiti sindikambapo, poti amene wafika poganiza za ulendo ngati uwu zimenezo akuzidziwa kale.

Choyamba, werengani maola, musatengeke ndi dzina. Sitima imaima padoko tsiku limodzi, kawirikawiri maola 7 mpaka 9. Pa maola amenewo chotsanipo ulendo wopita ndi wobwerera, chotsaninso ola lina loti mukhale mutafika sitima isanatseke chitseko. Zotsalazo ndiye nthawi yanu yoona miyala. Mukachita samu imeneyi, madoko ena amadzichotsa okha. Roatán, ku Honduras, ndi chilumba chokongola, koma mabwinja a Copán ali kutali kumtunda, kufupi ndi malire a Guatemala. Wina akakuuzani kuti akufikitsani n'kubwera nanu tsiku lomwelo, gwirani chikwama chanu.

Chachiwiri, dziwani chomwe doko lililonse lili nacho pafupi.

Ngati mtima wanu uli pa Chichen Itza, ija ya piramidi ya Kukulkan yokhala ndi masitepe 91 mbali iliyonse mwa zinayi, omwe mukaphatikiza ndi nsanja ya pamwamba amakwana 365, funani sitima yoima pa Progreso, ku Mexico. Kuchokera pamenepo ndi ulendo wa maola awiri kapena kupitirira pang'ono. Mlatho wa doko la Progreso ndi wautali makilomita oposa 6, moti mumakwera basi kuti mungofika kumtunda, ndiye nthawi imeneyonso muiwerengere. Progreso ali ndi mwayi wina: Uxmal, yomwe kwa ine inaposa Chichen Itza chifukwa miyala yake ndi yogobedwa mwaluso ndipo anthu sachuluka, komanso Dzibilchaltún, yomwe ili pafupi ndi mzinda wa Mérida, osakwana ola limodzi kuchokera padoko.

Cozumel, ku Mexico komweko, ndi doko lomwe sitima zambiri zimaima, ndipo ndi lomwe limapusitsa anthu. Ndi chilumba. Kuti mufike ku mabwinja a Tulum muyenera kukwera boti la mphindi pafupifupi 45 kupita ku Playa del Carmen, kenako basi ola lina. Nyanja ikavuta, botilo limagwedeza mpaka anthu kubweza kadzutsa. Tulum payokha ndi yaing'ono, koma yakhala pathanthwe moyang'ana nyanja, ndipo chithunzi chake chimatuluka bwino ngakhale wojambula atakhala ine. Mthunzi kulibe, kumatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala. Amagulitsanso ulendo wa ku Chichen Itza kuchokera pa Cozumel, koma mumathera maola oposa 6 m'boti ndi m'basi kuti mukaime patsogolo pa piramidi ola limodzi ndi kanthu. Ngati muli ndi ana kapena achikulire, pachilumba pomwepo pali San Gervasio, komwe akazi a Chimaya ankapita kukapembedza Ixchel, mulungu wamkazi wa uchembere. Si bwinja lalikulu, koma mumabwerako mtima uli m'malo.

Costa Maya, nakonso ku Mexico, ndiye doko losavuta. Chacchoben ili pamtunda wa ola limodzi, m'kati mwa nkhalango, ndipo sitima imakocheza pamlatho, mumangotsika n'kuyenda. Kohunlich, yokhala ndi nkhope zikuluzikulu zoumbidwa m'mbali mwa masitepe a kachisi, ili pamtunda wa maola awiri.

Belize City ndaisiya dala kumapeto, chifukwa ndi komwe ndinatsala pang'ono kugona kunja. Kumeneko madzi ndi osaya, sitima imaima patali ndipo anthu amatutidwa ndi maboti ang'onoang'ono, monga momwe Ilala inkachitira ikafika pa Likoma. Mabwinja ake ndi abwino kwambiri. Altun Ha ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo ndi pomwe mu 1968 anapezapo mutu wa mulungu wa dzuwa, Kinich Ahau, wosemedwa pamwala wobiriwira wolemera makilogalamu oposa 4. Kachisi wake ndi amene ali pabotolo la mowa wa Belikin. Ku Lamanai mumafikako pa boti mumtsinje wa New River. Xunantunich ili kufupi ndi malire a Guatemala, ulendo wa maola awiri. Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma ku Belize, ndiye kunenerera mtengo sikuvuta. Kusavutako n'kumene kunandinyenga.

Chachitatu, ndipo apa mumvetsere, ndi nkhani ya wotchi. Sitima imakhala ndi nthawi yakeyake, ndipo yathu inkatsata nthawi ya ku Miami. Unali mwezi wa Januwale, pomwe Belize amakhala ola limodzi m'mbuyo mwa Miami. Pepala lomwe anatiikira pakhomo usiku linanena kuti boti lomaliza linyamuka 4 koloko. Titatsika, ndinaona kuti ulendo wa ku Xunantunich wogula m'sitima ndi wodula, ndiye ndinagwirizana ndi bambo wina wa minibasi kunja kwa geti pa theka la mtengowo. Ndinadziona wochenjera. Chomwe sindinaone n'chakuti foni yanga, itangogwira netiweki ya ku Belize, inabweza yokha nthawi.

Tinafika bwino. Tinawoloka mtsinje wa Mopan pa pantoni kakang'ono komwe munthu amakayendetsa popukusa chitsulo ndi dzanja, galimoto ili momwemo. Tinakwera piramidi ya El Castillo, yotalika mamita pafupifupi 40, mpaka pamwamba pomwe mumaona dziko la Guatemala. Ndili chikhalire pamwala, thukuta likuuma, foni ikuti hafu pasiti 12, mayi akunyumba anandikodola.

"Abambo, anthu aja ovala timapepala ta sitima yathu pachifuwa, bwanji akutsika onse?"

"Asiyeni, amathamangitsidwa ngati ana a sukulu amenewo," ndinatero.

Iwo sanandiyankhe. Anangonditambasulira dzanja. Kawotchi kawo kakale, kamene ndimakaseka masiku onse, kankati hafu pasiti 1.

Dalaivala wathu tinamupeza atagona pansi pa mtengo, ndipo anali ndi pulani yoti tikaime penapake tidye mpunga ndi nyemba zophikira mkaka wa kokonati. Iye ankawerengera 4 koloko ya kwawo. Pamtsinje tinapeza magalimoto awiri patsogolo pathu, ndipo sindinaonepo dzanja la munthu likupukusa chitsulo mochedwa chonchija. Maola awiri a mumsewu wa George Price palibe amene anayankhula. Tinafika padoko kutatsala mphindi 5, nsapato za mayi zili m'manja. Tikanachedwa, tikanadzilipirira tokha ndege yokakumana ndi sitima padoko lotsatira, ndipo mapasipoti athu anali m'chipinda.

Choncho musanatsike, zimitsani zoti foni izisintha yokha nthawi, kapena valani wotchi ya pamkono yotcheredwa pa nthawi ya sitima. Wokuyendetsani mumuuze nthawi yobwerera m'nthawi ya kwawo, ndipo abwereze ndi pakamwa pake. Msampha womwewu uliponso ku Mexico: Cozumel, Tulum ndi Costa Maya ali m'chigawo cha Quintana Roo, chomwe chili ola limodzi patsogolo pa chigawo cha Yucatán komwe kuli Chichen Itza ndi Progreso.

Chachinayi, kugula ulendo m'sitima kapena kunja. Lamulo langa tsopano ndi ili: bwinja likakhala pamtunda woposa ola limodzi, kapena pakakhala madzi oti muwoloke, lipirani wa m'sitima. Ndi wodula, inde, koma basi yawo ikachedwa sitima imadikira. Chacchoben, San Gervasio ndi Dzibilchaltún mutha kupita ndi a kunja, bola mufunse ngati ndalama yolowera pageti ili m'kati mwa mtengo. Ena amaibisa, mumakaimva muli kale pamzere.

Chachisanu, nyengo. Kuyambira Juni mpaka Novembala ndi nthawi ya namondwe, matikiti amatsika koma sitima itha kudumpha doko lanu. Sankhani ulendo wokhala ndi madoko awiri a mabwinja.

Zotsalazo ndi zazing'ono. Madzi, chipewa, mankhwala othamangitsa udzudzu, madola ang'onoang'ono. Ku Chichen Itza ndi ku Tulum kukwera piramidi n'koletsedwa, ofuna kukwera apite ku Belize. Mavenda a ku Chichen Itza amakuwa kuti dola imodzi, mukayandikira dolayo ndi ya kanthu kena kakang'ono kali pakona. Ambiri mwa iwo ndi Amaya enieni, amayankhulabe chiyankhulo chawo pakati pawo, ndiye musawafunse kuti Amaya anapita kuti. Chigoba cha nkhope chomwe ndinagula poganiza kuti ndi mwala chinagwa ku Galveston, n'kudumpha.