Anankafumbwe mumpunga: apeweni asanaonekere

Mukaona nankafumbwe akuyenda pamwamba pa thumba la mpunga, dziwani kuti kufumbwa kunayamba kale, mwina mwezi wathunthu wapitawo. Nankafumbwe wamkazi amaboola kabowo kakang'ono panjere, n'kuikamo dzira limodzi, kenako n'kumata pakhomopo ndi kaulimbo kochokera m'thupi mwake. Njereyo imaoneka yabwinobwino. M'katimo dzira limaswa mphutsi, mphutsiyo imadya njere kuchokera m'kati, ndipo ikakhwima imatuluka ili kachilombo kathunthu, n'kusiya bowo lija timaliona. Kukamatentha, zonsezi zimatenga masiku 28 mpaka 35 okha. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira 300 kapena kuposerapo, ndipo amakhala moyo miyezi inayi kapena isanu. N'chifukwa chake mpunga wokolola mu Meyi ndi Juni ku Karonga, Nkhotakota, Salima kapena kuchigwa cha Chilwa umaoneka bwino nthawi yozizira, koma pofika Okutobala thumba limakhala litatentha m'kati ndipo pansi pake pali ufa.

Nankafumbwe wamumpunga ndi wamng'ono, mamilimita awiri kapena atatu, wofiirira moderapo, wa mlomo wautali ngati chitamba, ndipo ali ndi timadontho tinayi pamsana. Amauluka, choncho ena amabwera ndi mbewu kuchokera kumunda. Amadyanso chimanga, mapira ndi tirigu. Musamusokoneze ndi nankafumbwe wamkulu, wa mutu wopindikira pansi, amene kwawo ndi ku Central America ndipo anafika kuno kudzera ku Tanzania: ameneyo amakonda chimanga ndi makaka a chinangwa, ndipo amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe.

Ntchito yaikulu ili pakuyanika. Mpunga wosakonola ufike pachinyontho cha 14 peresenti kapena kutsikirapo pang'ono, chimanga 13. Njere yonyowa ndi yofewa, nankafumbwe saivutikira, komanso imachita nkhungu. Yanikani patenti kapena pamphasa, osati padothi, muyale mochepa ngati masentimita asanu, ndipo muzivundula pafupifupi ola lililonse. Koma mpunga suli ngati chimanga. Ukapsa kwambiri ndi dzuwa lamasana kenako n'kugwidwa ndi mame, njere zimang'aluka m'kati, ndipo kuchigayo mudzatulutsa wosweka wokhawokha, makamaka Kilombero amene njere zake ndi zazitali. Muziuvundikira kapena kuulowetsa dzuwa likamapendeka.

Ngati mulibe makina oyezera chinyontho, gwiritsani ntchito mchere. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo mbewu zodzaza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere umene mwayamba mwauyanika. Tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, dikirani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, mbewuyo sinaume. Ambiri amalakwitsa poyesa ndi mchere wonyowa kale.

Mpunga wosunga usungidwe ndi mankhusu ake. Khusu lotsekeka bwino nankafumbwe amalephera kulidutsa. Amalowera pamene lasweka kapena layasama. Choncho popuntha musamenye mopitirira, ndipo petani bwino kuti mphwephwa, njere zosweka ndi zinyalala zichoke. Konoletsani wokwanira mwezi umodzi kapena iwiri, kapena umene wogula waupeza kale. Kukonoletsa matumba onse nthawi imodzi pofuna kupulumutsa ndalama ya ulendo wa kuchigayo kumadzetsa chitayiko choposa ndalama yopulumutsidwayo.

Chipinda kapena nkhokwe zisesedwe mbewu yatsopano isanalowe. Zosesazo muzitenthe, ming'alu ya m'khoma ndi pansi muimate, chifukwa njere zochepa zotsalira mmenemo n'zokwanira kusunga mtundu wa anankafumbwe chaka chonse. Matumba akale aviikeni m'madzi owira, muwayanike. Mbewu yakale isasakanizidwe ndi yatsopano ngakhale pang'ono. Matumba asanjidwe pamathabwa, atalikirane ndi khoma mwina theka la mita kuti munthu azitha kuzungulira poyendera.

Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, ndi njira imene timailimbikitsa kwambiri pa mbewu yodya chifukwa safuna mankhwala. Ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Tizilombo timapuma mpweya umene watsekeredwamo mpaka kutha, kenako timafa, ndi mphutsi zomwe zili m'njere. Musanathire, onetsetsani kuti pulasitiki ilibe bowo. Mukathira, finyani mpweya, potani kukamwa kwa pulasitiki yam'kati, pindani ndi kumanga. Mutero ndi yachiwiri payokha, kenako saka. Chimene chimawononga ntchitoyi ndi kutsegulatsegula. Musatsegule kwa miyezi iwiri yoyamba, ndipo wodya panthawiyi patulani padera. Khoswe akaboola, thumbalo lasanduka wamba. Mbewu yonyowa musaiyerekeze kuitsekera mmenemo, imavunda.

Mukasankha mankhwala a ufa monga Actellic, muyezo wodziwika pa chimanga chotongola ndi magalamu 25 pathumba la makilogalamu 50, koma werengani chizindikiro cha pabotolo ndi tsiku lothera mphamvu. Sakanizani patenti ndi fosholo mpaka ufawo usaonekenso paliponse, mutatseka mphuno ndi pakamwa. Kuchepetsa muyezo kuti botolo likwanire matumba ambiri n'kumene kumasiya tizilombo tamoyo. Mpunga wokonola musauthire mankhwalawa. Mapiritsi otulutsa mpweya wapoizoni ndi a anthu ophunzitsidwa ntchitoyo, ndipo asagwiritsidwe ntchito m'nyumba yogonamo anthu: mpweya wake umadutsa m'saka ndi pansi pa chitseko, ndipo umapha.

Mpunga wokonola wa m'khitchini ukagwidwa pang'ono, upeteni, muuyale padzuwa kuti anankafumbwe akuluakulu athawe, ndipo muudye msanga chifukwa mazira atsalabe m'njere. Amene ali ndi firiji angauike m'pulasitiki yomanga bwino mbali youmitsa madzi kwa sabata imodzi, kenako m'chigubu chotsekeka. Matumba a m'chipinda ayendereni masabata awiri aliwonse: pisani dzanja pakati kuti mumve ngati mukutentha, ndipo sefani pang'ono wa pansi pa thumba, kumene ufa umayambira kuunjikana.