Mmene mungapezere chipata cha linga chomwe chinasowa kalekale

Anthu ambiri akamva zoti chipata cha mzinda wakale chinasowa, maganizo amathamangira pa fosholo, eti tikumbe tione. Ayi ndithu, kukumba ndi komaliza ndipo si inu mungakumbe. Chipata olo achigwetse n'kugulitsa miyala yonse chimasiyabe mapazi, mumsewu, m'mayina, m'malire a maparishi, ndipo munthu wamba yemwe ali ndi mapu ndi miyendo yake akhoza kulondola mapazi amenewo mpaka kukaima pamalo penipeni. Ndigwiritsa ntchito London chifukwa zipata zake zonse zikuluzikulu zinapita koma umboni ulipo wambiri.

Yambani ndi linga, chipata chibwera chokha. Chipata ndi pamene msewu waukulu wakale ukudula mzere wa linga basi, ndiye mukadziwa mmene linga linkadutsira mwatha theka la ntchito. La ku London anamanga ndi Aroma cha m'ma 200, kutalika kwake makilomita opitirira pang'ono 3, ndipo anthu a m'zaka za m'ma 1200 mpaka 1400 ankangolikonza n'kumaonjezera pamwamba. Zipata zikuluzikulu zinali 7: Aldgate, Bishopsgate, Moorgate, Cripplegate, Aldersgate, Newgate ndi Ludgate. Tsegulani mapu a lero muyang'ane misewu iwiri yoyenda moyandikana n'kumakhota limodzi ngati yagwirana manja, nthawi zambiri umodzi unali kanjira ka mkati mwa linga ndipo winawo unali ngalande ya kunja. Chakum'mawa kwa mzindawu mupeza Duke's Place, Bevis Marks ndi Camomile Street mkati, kunja kwake Houndsditch, yomwe dzina lake lenilenilo likunena za ngalande. Linga linali pakati pa mizere iwiriyi.

Mayina amathandiza koma amanamizanso, apa chenjerani. Sitesheni ya Aldgate siili pomwe panali chipata, ili kunja kwake chakum'mawa. Bishopsgate lero ndi msewu wautali, chipatacho chinali pamalo amodzi okha, pomwe msewuwu ukumana ndi Wormwood Street ndi Camomile Street, ndipo mukakweza maso pakhoma la nyumba pamenepo muona chisoti cha bishopu chomwe anaikapo ngati chizindikiro. Ku York, mzinda wina wa ku England, ndiye zimasokoneza kwambiri chifukwa mawu oti gate kumeneko anachokera ku chilankhulo cha ma Viking ndipo amatanthauza msewu, zipata zenizeni amazitcha bar, monga Micklegate Bar ndi Bootham Bar. Munthu osadziwa akhoza kutha tsiku lonse akusaka chipata pa Coppergate pomwe ndi msewu chabe.

Chinthu chomwe ine chimandisangalatsa kwambiri ndi matchalitchi. Pafupi ndi Aldgate, Bishopsgate ndi Aldersgate paliponse pali tchalitchi cha St Botolph, woyera yemwe anthu apaulendo ankamudalira, ndipo mayina ake ali ndi mawu oti without, m'Chingelezi chakale kutanthauza kunja. St Botolph without Aldgate ndiye kuti tchalitchi chili kunja kwa chipata, inu mukaima pakhomo pake n'kuyang'ana kulowera mkati mwa mzinda, chipata chinali patsogolo panupo pang'ono, pomwe Jewry Street ndi Duke's Place zikumana ndi msewu waukulu. Malire a maparishi ndi mawodi nawonso sasuntha wamba, nyumba zimagwa n'kumangidwa kangapo koma mzere wa malire umakhalabe ukutsata khoma lomwe kulibe.

Kenako pitani ku mapu akale, ndipo muyambe ndi atsopano kubwerera m'mbuyo, osati kudumphira akalekale. Mapu a Ordnance Survey, bungwe la boma la Britain lojambula mapu, a m'zaka za m'ma 1800 ndi olondola ndipo National Library of Scotland inawaika pa intaneti moti mutha kuwasanjika pamwamba pa mapu a lero n'kumaona zonse ziwiri. Mukatero pitani ku mapu a Ogilby ndi Morgan a 1676 omwe akuonetsa zipata zidakalipo, kenako omwe amatchedwa Agas oonetsa mzinda wa cha m'ma 1560. Awa a Agas ndi okongola, tinyumba ndi tianthu tonse, koma musayezerepo mtunda, ndi chithunzi. Chofunika n'kupeza zinthu zitatu kapena zinayi zomwe sizinasunthe, ngodya ya tchalitchi, mphambano, kanjira kopanikizika, n'kumangirira mapu onse pa zimenezo.

Zolembedwa ndiye n'zambiri kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa chipata sichinali polowera pokha. Ankatolererapo msonkho, kuphatikizapo msonkho wokonzera linga womwe ankautcha murage, ankatseka usiku, pamwamba pake pankakhala zipinda zobwereketsa kapena ndende. Newgate ndi Ludgate zinali ndende. Pa Aldgate, wolemba ndakatulo Geoffrey Chaucer anapatsidwa zipinda za pamwamba mu 1374 ndipo chikalata chake chilipo mpaka pano. Buku lomwe aliyense amayambira ndi la John Stow la 1598, munthu yemwe anayenda mzinda wonse n'kulemba chipata chilichonse. Ndiye fufuzaninso tsiku lomwe chinagwetsedwa. Mu 1760 nyumba ya malamulo inalola akuluakulu a mzinda kuchotsa zipata kuti ngolo zizidutsa bwino, ndipo m'zaka zochepa zokha zinayamba kutha chimodzichimodzi. Cripplegate inagulitsidwa £91 kuti aphwasule. Funsani nthawi zonse kuti zidutswazo zinapita kuti: chiboliboli cha Mfumukazi Elizabeth I chomwe chinali pa Ludgate chili pa tchalitchi cha St Dunstan-in-the-West mu Fleet Street, mutha kukachiona lero lomwe.

Chenjezo limodzi pa zithunzi zojambula. Chithunzi cha Aldgate chomwe mungapeze msanga ndi cha chipata chomwe anamanganso pakati pa 1607 ndi 1609, osati chakale chija cha nthawi ya Chaucer. Zipata zinkamangidwa mobwerezabwereza pamalo amodzimodzi, ndiye muzilemba chaka pambali pa chithunzi chilichonse musanakhulupirire kuti mwaona chimene mukufuna.

Tsopano za pansi pa nthaka. Inu musakumbe, zotsala za linga ku England n'zotetezedwa ndi lamulo la 1979 ndipo kukhudza popanda chilolezo ndi mlandu, komanso mukakumba mwachisawawa mumaononga chinthu chimodzi chomwe chili ndi phindu, ndiko kusanjikizana kwa dothi. Chomwe mungachite n'kuwerenga malipoti a akatswiri ofukula zakale, monga a MOLA (Museum of London Archaeology), ndi kaundula wa Greater London Historic Environment Record, n'kuphunzira kumva zomwe akunena. Nthawi zambiri sapeza khoma ayi, amapeza ngalande yomwe anthu anakumba pozula miyala ya maziko kuti akamangire zina, yodzadza ndi zinyalala ndi zidutswa za laimu, ndipo mawonekedwe a ngalandeyo ndi omwe amakuuzani kukula kwa nsanja. Amapeza misewu ya miyala ing'onoing'ono yosanjikizana, wina pamwamba pa unzake, yopanikizika pomwe inkalowa pachipata. Zaka amaziwerengera ku mapale a miphika, ndalama zachitsulo, ndi mizere ya m'kati mwa mitengo ngati papezeka matabwa onyowa. Ntchito ya Aroma mumaizindikira msanga, miyala yoduladula bwino ya ku Kent yokhala ndi mizere ya matailosi ofiira pakatipakati, pomwe ya pambuyo pake ndi yosakanizasakaniza yopanda mizere ija. Ndipo kumbukirani kuti nthaka ya mzinda inakwera mamita angapo, ndiye zinthuzi muzisaka m'zipinda zapansi, m'malo oimikamo magalimoto a pansi pa nthaka, m'tinjira todutsa pansi pa msewu.

Chitsanzo chomwe chimaphunzitsa zonsezi pamodzi ndi kachipata ka pa Tower Hill. Sikanali m'gulu la 7 lija, kanali kachipata kakang'ono ka anthu oyenda pansi pomwe linga la mzinda linkathera m'mphepete mwa ngalande ya madzi yozungulira Tower of London, nyumba yachifumu ya chitetezo. Stow analemba kuti vuto lake linayamba mu 1190 pomwe William Longchamp, nduna yayikulu ya mfumu, anakumba ngalande pafupi n'kufooketsa maziko, ndipo kanagwa mu 1440, anthu osakamanganso ndi miyala koma kungoikapo kanyumba ka matabwa. Patapita nthawi kanaiwalika. Mu 1979 pokumba njira yodutsa pansi pa msewu pafupi ndi sitesheni ya Tower Hill, anapeza nsanja yake, ndipo zomwe zinatuluka zinaonetsa kuti nyumbayi ndi ya nthawi ya Mfumu Edward I, cha pakati pa 1297 ndi 1308, mfumuyo itamaliza kukumba ngalande yake yayikulu yozungulira Tower. Ndiye mukuona, Stow ananena zoona kuti kanagwa chifukwa cha ngalande, koma nsanja yomwe tikuionayi ndi yapambuyo pa Longchamp ndi zaka zoposa 100. Pepala ndi nthaka muziziika pamodzi, china chikakonza chinzake musadabwe.

Chomwe chinapulumutsa nsanjayi n'kugwa komweko. Inatsetserekera m'munsi yathunthu n'kukwiririka, ozula miyala osaifikira. Mukatuluka pa sitesheni n'kutsika masitepe olowera ku Tower, yang'anani pansi kuseri kwa zitsulo zotchinga. Muona miyala yosemedwa bwino yotuwira, timipata topyapyala toponyerapo mivi, poyambira masitepe ozungulira okwera m'mwamba, ndi kamzere kozama kosemedwa m'mwala momwe chitseko chazitsulo chinkatsetserekamo potsika kuchokera pamwamba. Kamzere kameneko muyang'anitsitse, ndi komwe kakukuuzani mbali yomwe kunali njira, chifukwa chitseko chinkatsika pampata wodutsa anthu. Mukatembenuka n'kuyang'ana kumpoto, chigawo chachitali cha linga chili chiimire pafupi ndi sitesheni, mizere yofiira ya Aroma m'munsi, ntchito ya pambuyo pake pamwamba, ndipo ndi maso okha mutha kukoka mzere kuchokera pakhomalo kufika pa nsanja ili pansiyo.

Mukapita kukayenda tengani mapu osindikiza omwe mwajambulapo kale mzere wa linga ndi pensulo, foni yojambulira, ndipo pitani Lamlungu m'mawa pomwe dera la maofesili limakhala zii, mutha kuima pakati pa mphambano osagundidwa ndi anthu. Yambirani pa Tower Hill pomwe zinthu zikuoneka ndi maso, mudutse Cooper's Row pomwe pali chigawo china cha khoma kuseri kwa hotela, mukwere Jewry Street mpaka pa Aldgate, ndipo pamenepo muyese nokha kuloza pomwe panali nsanja ziwiri za chipata musanawerenge chikwangwani cha pakhoma.