Kuvina aerobics kunyumba ngati mukungoyamba kumene

Pa YouTube lembani beginner dance workout low impact, musankhe vidiyo ya maminitsi 15 kapena 20, zija za ola lathunthu zisiyeni kaye. Low impact ndiye kuti phazi limodzi limakhala pansi nthawi zonse, palibe zodumphadumpha, mawondo savutika. Sunthani tebulo, foni muyiike pamtunda molingana ndi maso kuti musamawerame.

Warm up, masitepe otenthetsa thupi akumayambiriro aja, musawadumphe olo akubowani. Masitepe akakusokonezani yambani ndi miyendo yokha manja abwera pambuyo, kapena tsitsani speed ya vidiyoyo ifike pa 0.75, palibe akukuonani. Muzitha kulankhulako uku mukuvina, mukamva chizungulire imani mupume kaye. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi maminitsi osachepera 150 pa sabata, koma inu yambani ndi katatu pa sabata basi.