Mmene Mungayezere Phokoso Pamalo Ogwirira Ntchito

Munthu wogwira ntchito m'chigayo kapena pamalo ochekera matabwa sagontha tsiku limodzi. Makutu amawonongeka pang'onopang'ono, ndipo akawonongeka ndi phokoso sachiranso.

Yambani ndi kuzungulira malowo makina onse akulira. Paliponse pamene mukukweza mawu kuti munthu woima mita imodzi kuchokera pomwe muli akumveni, m'pofunika kuyezapo.

Phokoso limayezedwa m'madesibelo ndi kachipangizo kotchedwa sound level meter. Katchereni pa mlingo wa A, womwe umatsanzira mmene khutu la munthu limamvera, ndipo mutsimikize ndi calibrator, kachipangizo kotulutsa mawu a mlingo wodziwika kale, kuti kakuwerenga molondola musanayambe komanso mukamaliza. Ikani maikolofoni pafupi ndi khutu la wantchito pamalo enieni pomwe amaima, osati pakhomo pomwe phokoso lazilala kale. Amene amayendayenda, monga wothira chimanga amene amatulukanso kukanyamula matumba, muvekeni paphewa tsiku lonse dosimeter, kachipangizo kakang'ono kowonkhetsa phokoso lonse limene wamva, chifukwa kuyeza kwa mphindi zochepa kukhoza kukunamizani.

Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo ndi umoyo wa antchito, limalangiza kuti wantchito asapitirire madesibelo 85 pa maola 8. Phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawiyo imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, ndipo pa 100 zimangotsala mphindi 15.

Mukapeza kuti lapyola malire, yambani ndi makinawo: mangani mabawuti ogwedera, pakani girisi, tchingani injini, ndipo antchito azisinthana. Zotseka m'makutu zibwere pambuyo pake, koma zikhale zenizeni, pakuti thonje wamba limene ambiri amatsekera silitchinga phokoso mokwanira. Lembani zotsatira zonse, ndipo muyezenso mukabweretsa makina atsopano.