Mwaika Linux pa laputopu yakale koma vidiyo ikudukiza? Umu ndi mmene ndimakonzera ine

Chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 mu Okotobala 2025, anthu ambiri amene ali ndi malaputopu a kaunjika aja, ma ThinkPad, ma Dell Latitude ndi ma HP a m'ma 2011 mpaka 2014, ayamba kuikamo Linux yopepuka ngati Lubuntu, Linux Mint Xfce kapena antiX. Makina amadzuka bwinobwino, kulemba kukutheka, koma kungotsegula YouTube basi fani ija kuyamba kulira, mawu ali kutsogolo chithunzi chili m'mbuyo, pansi pa laputopu kutentha ngati mbaula, munthu n'kugwa ulesi kumati makina atha awa. Ine zimandiwawa ndikaona laputopu yabwinobwino ikukankhidwira kunsi kwa bedi pamene mwana wa Fomu 4 akanamaonerapo maphunziro a masamu, chifukwa nthawi zambiri vuto lake ndi lokonzeka madzulo amodzi okha.

Musanagwire chilichonse yambani mwadziwa kuti chikudwala ndi chani. Tsegulani vidiyo ina iliyonse pa YouTube, dinani batani lakumanja la mausi pa chithunzipo, sankhani Stats for nerds. Pabwera kabokosi ka manambala, inu muone zinthu zitatu basi. Buffer Health ikamatsikira ku ziro kachizindikiro kaja kakungozungulira, ndiye ndi netiweki imeneyo, Linux musaivutitse, tsitsani vidiyoyo ifike pa 360p kapena sunthani foni ya hotspot ija muiike pa windo. Buffer ikakhala yodzadza koma ma dropped frames, zithunzi zimene zikudumphidwa, akungokwera, ndiye makina ndi amene akulephera kunyamula. Chachitatu ndi mzere wa Codecs, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Vidiyo ya pa intaneti imabwera itapanikizidwa kuti isadye data yambiri, ndiye kompyuta imayenera kuimasula. Njira zopanikizirazo ndi zimene amati ma codec, ndipo YouTube imakonda kutumiza VP9 kapena AV1, pa mzere uja muona vp09 kapena av01. Tsono ma Intel akale aja, Core i3 ndi i5 a generation yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi, mkati mwake muli kagawo komasulira vidiyo koma kamadziwa H.264, VP9 ndi AV1 sikazidziwa. AV1 yo Intel inayamba kuimasula pa generation ya 11, mu 2020. Ndiye katundu yense amagwera processor yekha pamene mnzake woti amulandire ali pambali manja lende. Kutentha konse kuja ndi kumeneko.

Mankhwala oyamba ndi osavuta, mu Firefox pitani ku Add-ons mufufuze enhanced-h264ify, muike, muchonge zoti itseke VP9 ndi AV1, komanso 60fps itsekeni. Mukatsegulanso vidiyo ija mzere wa Codecs uzilemba avc1, lomwe ndi dzina lina la H.264. Dziwani kuti mukatero simudutsa 1080p, koma sikirini ya malaputopu ambiri amenewa ndi 1366 x 768, ndiye palibe chimene mwataya. Muli pompo ikaninso uBlock Origin yotsekera malonda, pa makina a 2GB kapena 4GB RAM malonda a m'mbali aja amadya malo ambiri kuposa mmene mungaganizire, bandulo yanunso imapumako.

Nthawi zina mukaika h264ify vidiyo imakaniratu, kapena YouTube ikusewera koma za pa Facebook zikungoda bii. Apo ndiye kuti H.264 yo mulibe m'makinamo, ma Linux ena saikiratu chifukwa cha nkhani za ma patent. Tsegulani terminal, kawindo kolembamo malamulo, mulembe

sudo apt update
sudo apt install ffmpeg libavcodec-extra

Pa Mint ndi sudo apt install mint-meta-codecs, ngati munaiwala kuchonga kabokosi ka ma codec kaja poinsitola. Mukatha tsekani browser yonse n'kuitsegulanso. Pa Lubuntu pali kanthu kena, kuyambira 22.04 Firefox yake imabwera ngati snap, kutanthauza phukusi lodziimira palokha, imayenda ndi zipangizo zakezake ndipo pa hard disk yozungulira ija imachedwa kudzuka koyamba. Ine pa makina ofooka ndimakonda antiX kapena Debian chifukwa kumeneko Firefox ESR imaikidwa wamba, chimene waika mu terminal ndi chomwecho browser ikugwiritsa ntchito. Ndipo wina akakuuzani kuti ikani Flash Player musamvere, Flash inafa kumapeto kwa 2020, zimene zikupezeka pano ndi dzina limenelo zambiri ndi misampha.

Tsopano mbali imene ambiri amaidumpha, kuuza browser kuti katundu uja izipatsa graphics, kumene kuli kagawo komasulira vidiyo kaja. Pa Linux njira yake imatchedwa VA-API. Ngati Intel yanu ndi ya generation yachinayi kutsika m'munsi lembani

sudo apt install vainfo i965-va-driver

Kuyambira yachisanu kupita m'mwamba ikani intel-media-va-driver, a AMD ikani mesa-va-drivers. Kenako lembani vainfo, mukaona mizere ya VAProfileH264 ili ndi VAEntrypointVLD kutsogolo kwake mtima pansi, makina anu amatha. Firefox kuyambira version 115 imayatsa yokha zimenezi pa Intel, komabe osangokhulupirira, lembani about:support pamwamba paja polemba adiresi, fufuzani HARDWARE_VIDEO_DECODING muone ngati yalemba available. Ikakhala yotsekedwa pitani about:config, vomerani chenjezo lija, fufuzani media.hardware-video-decoding.force-enabled muike true, pa Firefox yakaleko dzina lake ndi media.ffmpeg.vaapi.enabled. Zina zonse m'menemo zisiyeni mmene zilili chonde, ndaonapo anthu akutembenuza zinthu khumi nthawi imodzi kenako osadziwanso chimene chaononga. Kuti mutsimikize ikani intel-gpu-tools, lembani sudo intel_gpu_top vidiyo ikusewera, mzere wa Video ukamasuntha ndiye zatheka, mumvanso nokha fani itatsitsa mawu ndipo batire likhalitsako magetsi akathima.

Chithunzi chikuyenda koma mawu zii? Yambani ndi kulemba alsamixer mu terminal, paliponse palembedwa MM ndi potseka, dinani M patseguke. Zikakanikabe, dziwani kuti Firefox kuyambira 2017 imafuna PulseAudio, pulogalamu yoyendetsa mawu, kapena PipeWire amene amaima m'malo mwake, pamene ma Linux opepukitsitsa ena amangokhala ndi ALSA yokha. Ikani apulse, browser muziitsegula polemba apulse firefox-esr.

Za Netflix ndi ena olipira ndi nkhani ya loko yotchedwa Widevine, mu Settings za Firefox chongani Play DRM-controlled content mudikire pang'ono idawunilode yokha. Pa 32-bit izi sizitheka, olo Chrome ya 32-bit pa Linux inatha mu 2016, ndiye lembani uname -m kaye, ikati x86_64 muli bwino, ikati i686 koma processor yanu imatha 64-bit ingoinsitolaninso.

Nanga tima netbook ta Atom tija ndi ma Core 2 Duo? Apa ndinene mosabisa, VA-API musataye nayo nthawi. Browser payokha ndi katundu wolemera kale kwa makina amenewa, ndiye vidiyo ichotseni mu browser muipatse mpv, kapulogalamu kopepuka kwambiri kamene kamagwira ntchito limodzi ndi yt-dlp, kena kokokera mavidiyo pa intaneti. Ikani ziwirizo, kenako mu fayilo ya ~/.config/mpv/mpv.conf mulembe

hwdec=auto
ytdl-format=bestvideo[height<=480][vcodec^=avc1]+bestaudio/best[height<=480]

Mukatero mumangokopa linki ya vidiyo, mu terminal n'kulemba mpv kutsogoloko linki ija ili m'kati mwa ma quotes. Makina amene amalephera 360p mu browser ndawaona akusewera 480p mosadukiza mwanjira imeneyi. Vuto lake limodzi, YouTube imasinthasintha zinthu ndiye yt-dlp ya mu apt imakalamba msanga, ikayamba kukana tengani yatsopano pa tsamba lake la GitHub, imeneyo ndi imene imalola yt-dlp -U, lamulo loti idzisinthe yokha kukhala yatsopano. Kwa aphunzitsi ndi ana asukulu yt-dlp yomweyo imathandiza kusunga phunziro usiku bandulo ikakhala yotchipa, pa mavidiyo amene eni ake amalola, n'kumaonera mawa lake kopanda netiweki.

Pali kena kamene kanandizunguza tsiku lathunthu pa laputopu ya mlamu wanga. Masamba onse amakana, YouTube kumangoti kulumikizana sikotetezeka, ine ndinainsitola browser kawiri konse osaphula kanthu. Kupenya pakona ya sikirini, deti likuonetsa chaka chakalekale. Kabatire kakang'ono ka pa motherboard kosunga nthawi kanali katatha, ndiye ma certificate onse, ziphaso zotsimikizira masamba, amaoneka ngati abodza. Lembani date mu terminal muone, ngati zasokonekera konzani nthawi kaye, ndipo kabatireko kasinthitseni, pa makina ambiri ndi CR2032 kapena kofanana nako kokhala ndi kawaya, kwa okonza makompyuta mtauni kamapezeka.